Chenjezo: Musathamangire Mphasa Mukachoka ku Opaleshoni ya M'chiuno

Ngati pakhomo panu pali munthu amene wangotuluka kumene m'chipatala atamuika chitsulo m'chiuno, kapena amene akuyembekezeka kutuluka sabata ino, siyani kaye zothamangitsa nkhuku yomulandirira. Zungulirani kuseri mukaone chimbudzi. Kenako lowani m'nyumba muone pamene azigona, pamene azikhala podya nsima, ndi pamene azisambira. Ngati zonsezi zili pansi, monga zilili m'makomo ambiri kuno kwathu, dziwani kuti wodwala wanuyo akubwera pamalo pamene pangathe kuwononga tsiku limodzi lokha ntchito imene anaidikira miyezi yambiri, mwinanso imene munaigulitsira ng'ombe.

Moyo wathu timaukhala pansi. Timanjuta pachimbudzi chokumba, timaphika chowerama pamafuwa kapena pambaula, timakhala tambalale pamphasa posankha nyemba ndi potsuka mbale, timagwada popereka madzi osamba m'manja kwa akuluakulu, timasesa ndi tsache lalifupi, timalima ndi khasu la mpini waufupi. Palibe cholakwika pa zimenezi. Vuto ndi lakuti malangizo ochirira opaleshoni imeneyi adalembedwa ndi anthu amene m'maganizo mwawo munali nyumba ya bedi lalitali, chimbudzi chokhalira ndi tebulo lophikirapo choimirira. Namwino akati, "Amayi, musamapinde chiuno kwambiri," wodwala amayankha mwaulemu kuti, "Ndamva, anesi," osazindikira kuti mawu ochepawo aletsa pafupifupi chilichonse chimene iye amachita kuyambira tambala woyamba kufikira pogona.

Kumtunda kwa fupa la ntchafu kuli mutu wobulungira umene umalowa m'chibowo cha fupa la chiuno, monga musi umakhalira mumtondo. Chimene chimaugwira mutuwo kuti usatuluke ndi minofu yozungulira pamenepo pamodzi ndi kachikopa kolimba kokuta mfundo yonse. Kuti dokotala afike pafupa, amayenera kung'amba kachikopako ndi kudula kapena kupatula minofu ina. Akamaliza amasoka ndithu, koma zosokedwazo zimafuna masabata 6 mpaka 12 kuti zimere n'kulimbanso, ndipo m'nyengo imeneyi ndi m'mene chitsulo chimaguluka kawirikawiri. Chimene chimanamiza anthu ndi bala la kunja. Ulusi umachotsedwa pakatha masiku 10 mpaka 14, chipsera chimauma, ululu umachepa, anansi obwera kudzazonda n'kumati, "Aa, mwachira kale inu, mukuoneka bwino." Pamenepo m'kati mukadali mwamuwisi.

Opaleshoni yosintha mfundo yonse ya m'chiuno, monga ikuchitikira lero, adaikhazikitsa dokotala wa ku England, John Charnley, pachipatala cha Wrightington mu 1962. Kwathu kuno idachedwa kufika. Chipatala cha Beit CURE ku Blantyre chidatsegulidwa mu 2002, ndipo mu 2005 kudayamba kaundula wolemba anthu oikidwa mfundo zachitsulo m'dziko muno. Mu 2023 ku Lilongwe kudatsegulidwanso chipatala cha mafupa ndi ubongo cha LION, pambali pa Kamuzu Central. Kaundula uja adaonetsa chinthu chosiyana ndi ku Ulaya. Ambiri ofuna chitsulo kuno ndi anthu amene mutu wa fupa lawo udafa chifukwa chosowa magazi, matenda amene madokotala amawatcha avascular necrosis. Amabwera chifukwa cha mowa wambiri, mankhwala a mtundu wa prednisolone akamwedwa nthawi yaitali, matenda a sickle cell, ndiponso amapezeka kwambiri pakati pa anthu amene ali ndi HIV. Anthu oterewa ambiri sanafike n'komwe paukalamba. Ali ndi ana kusukulu, munda wodikira, okala kapena benchi pamsika. Iwowa ndi amene amathamanga. Gulu lina ndi la agogo amene anaterereka kubafa kapena pakhonde n'kuthyoka khosi la fupa la ntchafu, ndipo awa ndi amene timawagoneka mopitirira muyeso. Ngozi ili mbali zonse ziwiri.

Musanatuluke m'wodi, funsani. Safunsa adadya phula, ndipo ife tili ndi chizolowezi choopa dokotala ngati kuti kufunsa ndi mwano. Mawu akuti "anandiika chitsulo" amaphimba maopaleshoni angapo osiyana. Ena amasinthidwa mutu ndi chibowo chomwe, ena mutu wokha, ena fupa lawo limangolumikizidwa ndi misomali yopota kapena ndi chitsulo chachitali chodutsa m'kati mwa fupa. Wina amaloledwa kuponda ndi thupi lonse m'mawa mwake, wina amauzidwa kuti azingogunditsa phazi pansi kwa masabata angapo. Choncho funso loyamba ndi lakuti, "Adokotala, ndiziponda kapena ndisaponde, ndipo mpaka liti?" Funsaninso kuti anang'ambira chakumbuyo, cham'mbali kapena chakutsogolo, chifukwa zoletsedwa zimatsatira pamenepo. Funsani za mankhwala, tsiku lochotsa ulusi ndi tsiku lobwerera kukajambulitsa. Pemphani kuti zonsezi zilembedwe m'buku lanu la kuchipatala. Nthawi zambiri gadiyani amene anagona pansi pa bedi m'wodi si amene akasamale wodwala kumudzi, ndipo malangizo akadutsa pakamwa pa anthu atatu amafika atatsala theka. Kwa a zaumoyo, pempho lathu ndi lakuti muzitchula zinthu ndi maina ake: chimbudzi, mphasa, mtondo, kabaza. Kapepala ka Chingerezi kokhala ndi chithunzi cha bafa losambira chogona sikathandiza munthu wa ku Ntchisi.

Pa zonse za pakhomo, chimbudzi ndiye pachimake. Kunjuta kumapinda chiuno mpaka mawondo kufika pachifuwa, ndipo podzuka munthu amayedzamira kutsogolo, mawondo n'kuyandikana, thupi lonse n'kutsamira pamfundo yosapola. Kwa amene anang'ambidwa chakumbuyo kwa thako, kakhalidwe kameneka ndi kenikeni kamene kamakankhira mutu wa chitsulo kunja. Kupewa kwake sikufuna ndalama zambiri. Kalipentala aliyense angathe kukhoma mpando wamatabwa wolimba, wokhala ndi pogwira mbali zonse, wobooledwa pakati, woti uziikidwa pamwamba pa dzenje kapena pa ndowa. Kutalika kwake kukhale koti munthu akakhalapo, mawondo azikhala m'munsi pang'ono mwa chiuno. Muyeso ndi womwewo pa mpando wa pabalaza, pa bedi ndi pa mpando wosambirapo. Masofa ofewa aja amene timasungira alendo olemekezeka, amene munthu amamira akakhalapo, ndi oipa kuposa benchi louma. Mipando yapulasitiki ya pamisonkhano musaidalire, miyendo yake imaterera pasimenti ndipo imathyoka mosachenjeza. Bedi likakhala lalifupi likwezeni ndi njerwa zoyalidwa bwino kuti lisagwedere. Ngati pakhomo palibe bedi, bwerekani kwa achibale kwa miyezi itatu, manyazi asakugwireni. Kudzuka pamphasa kumafuna kupinda ndi kupotokola chiuno nthawi imodzi, ndipo munthu amadzuka kangapo usiku uliwonse.

Zina ndi zazing'ono, n'chifukwa chake zimaiwalika. Kusanjikiza mwendo pa unzake pocheza. Kuwerama kutola ndalama yagwa. Kuvala nsapato, kuwenga zikhadabo za kumapazi, kukwecha zidendene ndi mwala posamba. Kutembenuka mwadzidzidzi phazi lili chipondere, chifukwa wina wati "odi" kumbuyo. Pogona, wodwala agone chagada, ndipo akaloledwa kugonera m'mbali aziika pilo wokhuthala pakati pa miyendo. Tinenenso chilungamo kuti madokotala ena masiku ano, makamaka akang'ambira chakutsogolo, saika malamulo onsewa, ndipo anthu ena amadzaloledwa kukhalanso pansi pakapita miyezi. Mawu a dokotala amene anagwira mpeni ndi amene apambane zimene mwawerenga pano, apambanenso zimene anauzidwa mnansi wanu amene opaleshoni yake inali ya mtundu wina.

Matabwa ndi njerwa n'zosavuta. Chovuta ndi ulemu. Mayi amene wakhala zaka 30 akugwada popereka moni kwa apongozi ake sangasiye chifukwa cha pepala la kuchipatala. Mudzi ukagwa maliro, amayi amagona pasiwa mothinana, pansi, usiku wonse, ndipo amene wapempha mpando amaopa kunenedwa kuti wayamba kudzimva chibwerereni kuchipatala. Ambiri amasankha kupweteka thupi kusiyana ndi kutchedwa wamwano. Apa wodwala sangadzipulumutse yekha. Mawu ayenera kuchokera kwa akuluakulu eniake. Apongozi ayambe ndiwo kunena kuti, "Musagwade, mwana wanga, tikudziwa, khalani pampandopo." Anyakwawa polengeza za mwambo wa maliro anene poyera kuti mayi ujeni akhala pampando chifukwa cha chiuno. Amayi a Mvano, a Chigwirizano ndi a Dorika, amene amadziwa bwino kuzonda odwala, amusiyire malo a m'mphepete pabenchi ndipo asamuyembekezere kugwada popemphera kapena kuvina nawo. Kumzikiti nako n'kololedwa kuti wodwala aswali atakhala pampando, ndipo shehe akanena yekha zimenezi munthu amamasuka mtima.

Tsopano mbali inayo, ya agogo. Timawakonda, ndiye timati, "Agogo, gonani, musavutike, tikuchitirani zonse." Timawabweretsera phala pabedi, chitini pabedi, n'kutseka zenera kuti mphepo isawapeze. Chikondi chotere chimapha. Ku Britain, kumene opaleshoni nthawi zambiri imachitika tsiku lomwelo kapena m'mawa mwake, bungwe lopereka malangizo a zachipatala la NICE lidalemba mu 2011 kuti mwa anthu othyoka m'chiuno, pafupifupi mmodzi mwa 10 aliwonse amamwalira pasanathe mwezi, ndipo pafupifupi mmodzi mwa atatu pasanathe chaka. Ambiri safa ndi fupalo. Amapita ndi matenda ena amene anali nawo kale ndi amene amabwera munthu akagona nthawi yaitali. Mapapo satambasuka, makhololo amadikha, chibayo n'kulowa. Khungu la pamatako ndi pazidendene limafa chifukwa chopsinjika n'kusanduka zilonda zakuya. Minofu ya nkhalamba imasungunuka msanga kwambiri, kotero kuti sabata imodzi yogona imatenga masabata ambiri kuti mphamvu zake zibwerere, mwina osabwereranso. N'chifukwa chake malangizo omwewo amati wodwala ayambe kudzutsidwa tsiku lotsatira opaleshoni. Mukaona a mafizo akuimiritsa agogo anu akubuula, si nkhanza.

Kunyumba ntchito imeneyi imagwera inu. Wodwala azipinda ndi kutambasula akakolo kangapo ola lililonse ali maso, azikungitsa minofu ya ntchafu ndi ya matako, azikoka mpweya wambiri n'kutsokomola, azidya atakhala pampando, ndipo aziyenda pang'onopang'ono kangapo patsiku: kukhomo, kukhitchini, pansi pa mtengo wa mango, tsiku lililonse kuwonjezera pang'ono. Zipatala zikuluzikulu zili ndi nthambi za mafizo, ku Blantyre kuli Kachere Rehabilitation Centre ya bungwe la MAP, ndipo sukulu ya KUHeS ikuphunzitsa akatswiri a ntchitoyi, koma akadali ochepa ndipo ambiri ali m'tauni. Choncho phunzirani musanatuluke. Pemphani chilolezo mujambule pafoni pamene wa mafizo akuonetsa, kuti kumudzi musamakangane za m'mene anachitira.

Chimene chimapha mwadzidzidzi ndi magazi oundana. Opaleshoni ya m'chiuno ili m'gulu la maopaleshoni amene amaundanitsa magazi kwambiri m'mitsempha yakuya ya m'mwendo, ndipo chiopsezochi chimapitirira kwa masabata angapo munthu atatuluka. N'chifukwa chake ambiri amapatsidwa jakisoni wa pamimba wa enoxaparin, kapena mapiritsi monga aspirin kapena rivaroxaban, kwa masiku 28 mpaka 35. Musasiye chifukwa bala lapola, mankhwalawa si a bala. Mwendo kutupa pang'ono pambuyo pa opaleshoni n'kwachibadwa, koma katumba akatupa kuposa mnzake, akalimba, akatentha, akamapweteka pomugwira, pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Ndipo apa tamverani bwino, chifukwa dzanja lathu limathamangira kuthowa ndi madzi otentha ndi kusisita ndi mafuta. Kusisita mwendo wotere kungathe kusuntha chibuluma cha magazicho n'kupita kukatseka mitsempha ya m'mapapo. Zikatero munthu amayamba kubanika mwadzidzidzi, chifuwa chimabaya, mtima umathamanga, mwina amatsokomola magazi kapena kukomoka. Pamenepo palibe zodikira kuti kuche. Amene amakachitira opaleshoni ku India kapena ku South Africa asamale kwambiri: kukhala maola ambiri mundege kapena m'basi miyendo ili chipindire kumawonjezera chiopsezo, choncho tsiku lobwerera muligwirizane ndi dokotala musanagule tikiti, ndipo mubwere ndi makalata onse, zithunzi ndi dzina la chitsulo chimene anaika.

Choopsa chachiwiri ndi bala kulowa tizilombo. Kwathu kuno thupi likatentha timati malungo, timagula Panado, mwinanso LA, n'kufunda bulangete. Kayezetseni malungo ndithu, koma muuzeni woyezayo kuti munthuyu ali ndi chitsulo, ndipo aone balalo. Bala limene likufiira mozungulira, likutentha, likutuluka madzi kapena mafinya, kapena ululu umene unali kuchepa n'kuyambanso kukula, si la kuchipatala chaching'ono chokha ayi, lifike kwa a mafupa. Chifukwa chake ndi ichi. Chitsulo chilibe magazi. Tizilombo tikafika pamenepo timamatirira n'kudzikuta ndi utomoni umene mankhwala salowa. Zikagwidwa msanga, dokotala angathe kutsegula, kutsuka, chitsulo n'kupulumuka. Zikachedwa, pamafunika kuchotsa chitsulo chonse, ndipo kumene kulibe china choikapo munthu amatsala wopanda mutu wa fupa, opaleshoni imene imadziwika ndi dzina la Girdlestone: mwendo umafupika ndipo ndodo imakhala ya moyo wonse. Makapisozi ogula pagolosale amangobisa zizindikiro kwa masiku ochepa, kenako amasokoneza zoyeza za kuchipatala. Kutemera mphini pafupi ndi bala, kupakapo zitsamba, phulusa kapena mafuta odzozedwa, konseko n'kutsegulira tizilombo khomo. Pempherani m'mene mungathere, koma pabalapo pasafike dzanja losasamba. Ngakhale patapita zaka, chithupsa, dzino lobooka kapena matenda a m'chikhodzodzo azichizidwa msanga, chifukwa tizilombo timayenda ndi magazi n'kukakhazikika pachitsulo.

Pali chizindikiro china chimene chimatisokoneza kwambiri. Nkhalamba imene inali bwinobwino imayamba kubwebweta usiku, kuona anthu amene palibe, kuiwala ana ake, kufuna kutuluka panja osavala, kapena kungoti zii tsiku lonse. M'dziko limene okalamba akhala akumenyedwa ndi kuphedwa powanamizira ufiti, tiyenera kunena mosabisa: kusokonezeka kumeneku n'kofala pambuyo pa opaleshoni ya m'chiuno, ndipo kawirikawiri kumasonyeza chibayo, matenda a m'chikhodzodzo, kuchepa kwa madzi kapena magazi m'thupi, kudzimbidwa, kapena mankhwala opha ululu amene achuluka. N'kochizika. Agogo oterewa afunika kuchipatala, ndipo pamene mukukonza ulendo pakhale munthu wowadziwa pambali pawo usiku wonse kuti angadzuke n'kugwa.

Kugwa kachiwiri kumathyola fupa mozungulira chitsulo, ndipo kukonza kwake n'kovuta kuposa opaleshoni yoyamba. Ambiri amagwa usiku popita kuseri, magetsi atazima, phazi litakodwa m'neti. Ikani tochi pamutu pa bedi ndi ndowa ya mpando uja pafupi. Wodwala asadzuke mwaphuma, ayambe wakhala m'mphepete mwa bedi mpaka chizungulire chithe, chifukwa opaleshoniyi imataya magazi ambiri. Chotsani timakapeti, zingwe ndi mphasa m'njira. Mapatapata atayeni kaye, avale nsapato zogwira chidendene. Nyengo ya mvula bwalo limaterera, thirani mchenga kapena zibuma zophwanya m'kanjira ka kuchimbudzi. Ana, agalu ndi nkhuku zizipatuka. Akafika pogwiritsa ndodo imodzi, aziigwira ndi dzanja la mbali yabwino, ngakhale ambiri amaganiza mosemphanitsa. Pokwera sitepe atsogoze mwendo wabwino, potsika atsogoze wodwalawo pamodzi ndi ndodo, ndipo mphira wa kunsi kwa ndodo ukatha asinthidwe.

Mayendedwe athu ndi msampha wina. Kabaza, wa njinga yopalasa kapena yamoto, ayi kwa miyezi yoyambirira: kukwera kwake kumafuna kuponya mwendo, msewu ndi wa mabampu, ndipo kugwa kamodzi n'kokwanira. M'minibasi mipando ya kumbuyo imakweza mawondo kufika pachifuwa, kondakitala n'kumati "senderani" anthu anayi pampando wa atatu. Lipirani mpando wa kutsogolo, ngakhale malo awiri, muikepo pilo, wodwala ayambe wakhala kenako alowetse miyendo yonse pamodzi. Kukhala pansi kumbuyo kwa lole kapena m'ngolo ndiye koipitsitsa. Ulendo ukakhala wautali aziima n'kuyendako pang'ono. Woyendetsa galimoto yekha nthawi zambiri amadikira masabata 6, mpaka atasiya mankhwala ogonetsa ndiponso atatha kuponda buleki mwamphamvu osazengereza.

Za chakudya sitichulukitsa. Bala ndi fupa zimamangidwa ndi ndiwo, phala la madzi lokha silikwanira: nyemba, nandolo, mazira, nsinjiro, soya, mkaka, ndi usipa kapena matemba odyera limodzi ndi minga yake. Madzi ambiri, masamba ndi papaya zimathandiza kudzimbidwa kumene kumabwera ndi tramadol kapena morphine. Brufen, diclofenac ndi Indocid musawonjezere mwa nokha, chifukwa zikakumana ndi mankhwala osungunula magazi zimatha kuchititsa kutaya magazi m'mimba, ndipo zimawononga impso za okalamba. Fodya amachedwetsa fupa kulumikizana, mowa umagwetsa. A shuga ayeze pafupipafupi, a ma ARV asadumphitse ngakhale tsiku limodzi. Zotsatira za odwala a ku Malawi konkuno zidaonetsa kuti anthu amene ali ndi HIV ndipo akusamalidwa bwino amachira opaleshoniyi bwino lomwe.

Nanga kumunda abwerere liti? Funso limeneli ndi limene limavutitsa abambo ndi amayi a mphamvu zawo, makamaka amene opaleshoni yawo yachitika mu Seputembala kapena Okutobala. Mvula yoyamba ikagwa, anzawo ali kalikiliki kubzala, munthu sakhazikika pampando. Amayamba ndi kukangoona, mawa lake wagwira khasu kuti angokonza mzere umodzi. Kulima kwathu n'kowerama ndi kopotokola chiuno kambirimbiri pa ola, m'nthaka yofewa imene phazi limamira. Ntchito ya muofesi kapena ya pa okala munthu angayambe pakatha masabata 6 mpaka 12, koma ntchito yolemetsa imadikira miyezi itatu mpaka 6, ndipo dokotala ayambe waona chithunzi. Banja likonzeretu za aganyu kapena achibale a chaka chimenecho opaleshoni isanachitike, ndipo ndalama yake iwerengedwe pamodzi ndi ya chipatala. Ngakhale atachira, mpini wautali ndi wabwino kuposa waufupi. Katundu wa pamutu aganizirepo kawiri: poyenda chabe, mfundo ya m'chiuno imanyamula mphamvu yoposa kawiri kulemera kwa thupi, tsono onjezanipo ndowa ya malita 20, imene ndi makilogalamu 20, kapena thumba la feteleza la makilogalamu 50. Kafukufuku amene adatuluka m'magazini ya zachipatala ya The Lancet mu 2019 adapeza kuti mwa zitsulo 100 za m'chiuno, pafupifupi 58 zimafika zaka 25 zisanasinthidwe. Kwa agogo a zaka 75 zimenezi n'zokwanira. Kwa munthu wa zaka 40 zikutanthauza kuti chitsulocho ayenera kuchisunga, chifukwa opaleshoni yosintha chakale ndi yaikulu, yodula, ndipo ochita ake kuno ndi owerengeka.

Za m'banja nazo zimafunsidwa mochedwa chifukwa cha manyazi. Ambiri amaloledwa pakatha pafupifupi masabata 6, wodwalayo atagona chagada, popanda kupinda kapena kupotokola mwendo. Funsani namwino pambali, si inu oyamba. Abambo amene akazi anu ndiwo achitidwa opaleshoni, kudikira kumeneku ndi gawo lanu la chisamaliro, pamodzi ndi kutunga madzi ndi kuwaza nkhuni.

Chitsulo chikaguluka simungakayike. Munthu amamva kuti khu, ululu woopsa umabwera nthawi yomweyo, mwendo umaoneka waufupi ndipo phazi limapotokera m'kati kapena kunja, sangathenso kuponda. Musakoke. M'midzi muli anthu odziwika kuti amabwezeretsa mafupa, ndipo pakhomo sipasowa mlamu wamphamvu wofuna kuyesa, koma kukoka mwendo wa chitsulo munthu ali maso kungathyole fupa kapena kuwononga mtsempha waukulu wodutsa kumbuyo kwa chiuno, phazi n'kulobodoka mpaka kalekale. Usiyeni mwendowo m'mene ulili, muutchinjirize ndi mapilo kapena mabulangete opinda, mumunyamule anthu angapo pa chitseko kapena thabwa, agone m'galimoto. Musamupatse chakudya kapena chakumwa, chifukwa kuti abwezeretse ayenera kumugoneka tulo, ndipo m'mimba mukakhala nsima amayenera kudikira maola ena. Tengani buku la kuchipatala, zithunzi ndi mankhwala onse amene akumwa. M'zipatala za maboma muli makiliniko ofesala a mafupa, ntchito imene maphunziro ake adayamba m'dziko muno mu 1985, ndipo iwowa ndi amene angajambule n'kuona ngati abwezeretse pomwepo kapena atumize ku Queen Elizabeth, ku Zomba, ku Kamuzu Central kapena ku Mzuzu. Pofika musangoti mwendo ukupweteka n'kukhala pamzere. Nenani pakhomo pomwepo kuti munthuyu ali ndi chitsulo m'chiuno, opaleshoni inachitika tsiku lakutilakuti, ndipo mwendo wafupika lero. Nambala ya mwini galimoto wa m'dera lanu ndi ndalama ya mafuta zikhale pamalo odziwika kwa aliyense pakhomo kuyambira tsiku limene wodwala wafika.